Sikelo ya Mpunga pa Mpamba

Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, anali mayi wathupi, uja amati akakwera minibasi kondakitala n'kuyamba kung'ung'udza. Ine wa ku Dedza ndinakwatiwa ku Mpamba ndili ngati bango, ndipo iwo sankandisiya. Kumaliro, kutchalitchi, pamaso pa alendo, ankandigwira mkono n'kufunsa ngati mlongo wawo anakwatira mkazi kapena usipa wouma. Ndinkaseka nawo, koma ndinkasunga kumtima.

Atawapeza ndi khansa ya m'bere, wowadikirira kuchipatala ndinakhala ine, poti ana awo onse ali ku Joni. Dokotala anatifotokozera kuti mankhwala a khansa a m'dilipi sathira mofanana kwa aliyense. Amayeza msinkhu ndi kulemera kwa wodwala, ndipo wathupi lalikulu amafunika ochuluka. Koma mlamu atakwera sikelo ya pachipatalapo, singano inakafika kumapeto n'kuima. Namwino anati tikawayeze pa sikelo yaikulu kwathu, tibwere ndi nambala.

Sikelo zazikulu kwathu zinali ziwiri. Ina inali ya kalabu ya alimi, m'nyumba, yolungama. Ina inali ya venda wogula mpunga wa ku Limphasa, pakati penipeni pa msika. Kuti sikelo ya vendayo imaba, ndi mwana yemwe amadziwa. Ine ndemwe ndinayambanapo naye atandidyera makilo pa thumba lodzaza. Ndinawanamiza mlamu kuti ku kalabu n'kotseka, n'kupita nawo pamsika masana, anthu ali thithithi.

Akabaza anasiya njinga n'kutizungulira. Venda anandifunsa ngati katundu wangayo ndi wopuntha kapena wosapuntha, ndipo ndinaseka kuposa onse. Sindibisa, ndinakondwa tsiku limenelo. Mlamu anakwera atagwira bere lodwalalo ndi dzanja limodzi, maso ali pansi. Nambala imene inatuluka ndinailemba ndekha m'buku lawo lachipatala. Zoti sikeloyo yadya makilo ambiri ndinadziwa, koma ndinati zimenezo akaona madokotala.

Analandira dilipi katatu. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi kwathu, ankayamika Mulungu kuti mankhwala sakuwagwetsa ngati ena. Chotupa chokha chinkangokula.

Ulendo wachinayi tinapeza sikelo yatsopano yaikulu kuchipatala. Mlamu anali atayamba kale kuwonda ndi matenda, komabe analemera kuposa nambala yanga, ndipo kusiyana kwake sikunali kochepa. Dokotala anayang'ana sikelo, n'kuyang'ana buku, kenako ine. Anati mankhwala onse aja anali osakwanira thupi lawo. Anawonjezera, koma anatiuza mosabisa kuti miyezi yatayikayo sibwerera.

Tinakwera minibasi kubwerera kwathu. Ndinadzitonthoza kuti mwina mlamu akuganiza kuti sindinkadziwa za sikelo ija, ndine mlendo, mpunga ndinaudziwira kuno.

Patapita masabata angapo ndinkawasambitsa kuseri kwa nyumba, atakhala pa mtondo wogadabuza, khungu litalendewera m'mikono. Anandilola kuwakhula msana mpaka kumaliza, kenako anandigwira mkono pomwe paja ankandigwira kale.

"Mlamu, mpunga ndalima kuyambira ndili mtsikana. Sikelo ija ndimaidziwa kuposa inu. Ine ndinakhala chete chifukwa nambala yaing'ono inandichotsako manyazi pamaso pa anthu aja. Nanga inu munakhaliranji chete?"

Ndinatola sopo amene sanagwe n'komwe. Iwo anadikira osasiya mkono wanga, mpaka madzi anazizira m'beseni. Tinawaika m'manda mpunga usanache, yankho ndisanawapatse.