Tikiti Imene Ndinagula Ndekha

Ine ndimapsa mtima msanga, ndipo sindibisa. Ku hotela ya ku Al Barsha kumene ndimakonza makina oziziritsa zipinda, anzanga amadziwa kuti ndikayamba kupukusa mutu ndi bwino kundisiya kaye. Munthu mmodzi yekha amene sanaopepo ukali wangawo ndi akazi anga.

Korona atafika, ine ndinali kuno ku Dubai, iwo ali ku Lilongwe ndi ana, akuphunzitsa ku pulayimale. Ndege zinaima. Zitayambanso, tchuthi changa chinakanidwa, poti anthu ambiri anali atachotsedwa ntchito ndipo otsalafe tinkagwira ntchito za anthu atatu. Zinakwana zaka ziwiri tikungoonana pa foni, nkhope ikudukaduka ndi netiweki.

Kale ndinali nditawatumizira chithunzi cha sitima yaikulu yoyera itaima pa doko. Anandifunsa kuti, "Kodi anthu amagona mommo?" Ndinayankha kuti tsiku lina adzagonamo. Ndinangolankhula, koma iwo anasunga mawuwo. Ndiye sitima zitaloledwa kuyendanso, inenso nditapatsidwa sabata imodzi yopuma, ndinalipira chipinda cha anthu awiri m'sitima yonyamukira kuno, yozungulira madoko apafupi.

Mayi wa ku kampani ya sitimayo anandifunsa ngati ndikufuna kuti tikiti ya ndege ya akazi anga agule iwo. Anati adzafika tsiku limodzi sitima isananyamuke, agone ku hotela, ndipo ndege ikachedwa kampani ndiyo idzathamange nazo. Ndinamuseka. Ndinati ine ndimagwira ntchito ku hotela, ndikudziwa mmene amametera anthu. Komanso tikiti yawoyo inkalola chikwama chimodzi chokha. Munthu wochokera kumudzi angabwere ndi chikwama chimodzi? Mbiri itangomveka kuti akubwera, aliyense wa kwathu amene ali kuno anali ataitanitsa kale zake: uyu usipa, uyu mpunga wa Kilombero, uyu tsabola wa kambuzi, wina chitenje chochokera kwa mayi ake. Ukakana, mawa nawenso adzakukanira.

Panalinso china. Ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi amuna atatu, mabedi osanjikiza. Mkazi wa munthu sungamulowetse mmenemo. Choncho ndinagula ndekha tikiti ya zikwama ziwiri, yosinthira ndege panjira, yofika m'mawa wa tsiku lomwelo limene sitima inkanyamuka madzulo. Ndinadziona wochenjera kwambiri.

Mmodzi mwa amuna atatu aja anali mnzanga wa ku Chipata, woyendetsa galimoto yonyamula katundu. Ataona tikitiyo anati, "Mudala, tsiku imodzi na sitima? Masiku yano ndeke zidwala korona monga anthu."

Ndinati, "Iwe uziyendetsa makatoni ako. Ine ndagula matikiti zaka khumi."

"Khalas, basi, sininakambe kanthu," anatero.

Akazi anga anayezetsa korona ku Lilongwe, pepala linatuluka bwino, anakwera ndege yoyamba. Atafika posinthira, yachiwiri inalephereka. Akuti ogwira ntchito m'ndegemo anapezeka ndi matendawa. Ina inali ya mawa lake.

Ndinaimbira kampani ya sitima nditaima panja pa doko, chikwama changa chili pamapazi. Anayankha ndi mayi yemwe uja. Anandiuza mwaulemu kuti tikiti ikanakhala yawo akanadziwa chochita, koma poti ndinagula ndekha, si nkhani yawo. Zimene ndinamuuza sindingazilembe pano. Ndinakuwa mpaka masiki inatsika pachibwano, mlonda wa pageti nkubwera kudzandiuza kuti ndiikweze. Mayiyo anadikira kuti ndimalize, nkunena kuti, "Pepani bambo," foni nkuduka.

Sitimayo ndinaiona ikuchoka. Chinthu chachikulu chonchija chimachoka pang'onopang'ono ngati chikukunyoza. Ndikanatha kukwera ndekha, koma ndikakatani mmenemo? Chimene chinkandiwawa si sitima ayi. Ndinali ndi masiku asanu ndi awiri okha, ndalama zonse zili m'chipinda choyandama chija, ndipo ndinalibe poika akazi anga.

Uthenga wawo unalowa: "Mwakuwa kale eti?"



M'mawa mwake mnzanga wa ku Chipata anandiperekeza ku bwalo la ndege pa galimoto yake ya makatoni. Njira yonse ankangoimba mluzu, umene unandipweteka kuposa mawu. Akazi anga anatulukira akukankha zikwama ziwiri zotupa ngati ng'ombe zokhuta, masiki ya chitenje kumaso. Ndinawazindikira ndi kayendedwe. Ndinali nditakonza zambiri zonena, koma chimene chinatuluka ndi ichi: "Akuba anthu a sitimawa."

Iwo anati, "Muli bwanji, bambo? Ana ali bwino, zikomo pofunsa. Bweretsani foniyo."

M'galimoto anaimba nambala yomwe ija. Chingerezi chawo ndi cha m'kalasi, chodekha. Anayamba ndi moni, kufunsa mayi uja mmene wadzukira, ngati kwawo ali bwino ndi matendawa, ngati ali ndi ana. Ine ndinkaluma mano, kuyang'ana wotchi. Kenako anati, "Dzulo munalankhula ndi amuna anga. Pepani kwambiri. Ndakhala nawo zaka makumi awiri, ndikudziwa zimene mwamva. Si oipa ayi, kungoti akachita mantha amakuwa."

Ndinafuna kulanda foniyo. Wa ku Chipata anaseka mpaka galimoto inapotoka.

Ndinamva mayi uja akuseka nayenso. Zinapezeka kuti naye anali asanaone amuna ake chiyambire matendawa. Anati tidikire, akafunse akuluakulu. Tinadikira titaima pambali pa msewu. Atabwerera anati sitima ili ku Abu Dhabi mpaka madzulo, ndipo atilola kukwerera kumeneko ngati tonse awiri tiyezetsanso, zotsatira nkutuluka geti isanatsekedwe. Anati sakulonjeza kanthu.

"Yalla, tiyeni!" anatero wa ku Chipata.

Tinapita ku chipatala choyeza mwachangu. Anatilowetsa kamtengo m'mphuno mpaka misozi. Podikira zotsatira tinayamba ulendo wa ku Abu Dhabi, atatu kutsogolo, akazi anga pakati. Dzuwa litatentha, usipa unayamba kudziwika. Ndinati titaye zikwamazo, ndi zimene zatiika m'mavutowa.

Iwo anati, "Zikwama sizinagule tikiti."



Pa doko anatiimika panja. Uthenga wa akazi anga unalowa msanga: alibe matenda. Wanga ayi. Theka la ola linatha, kenako ola. Ndinayamba kupukusa mutu, ndikuyang'ana mnyamata wa pa tebulo amene ankangoti tidikire. Akazi anga anandigwira pamkono, pamwamba pa chigongono, mmene amagwirira mwana wa Sitandade 2 wofuna kumenya mnzake.  Ndinakhala pansi. Uthenga wanga, wakuti nanenso ndilibe matenda, unalowa anthu a sitima atayamba kale kuchotsa zingwe za pamzere.

Nsomba zouma sizilowa m'sitima, ndiye katundu yense wa anthu anatsala ndi wa ku Chipata kuti akagawe. Akazi anga anasolola kachikwama kakang'ono ka zovala zawo pakati pa mpunga. Mpaka lero mnzangayo amati galimoto yake inanunkha mwezi wathunthu, ndipo abwana ake ankaganiza kuti mwafera khoswe.

M'sitima monse munali lamulo la masiki. Tinadutsa makonde ataliatali, kukwera, kutsika, kusochera kawiri, mpaka tinapeza chitseko chathu. Kachipinda kake kanali kakang'ono, ka zenera lozungulira. Nditatseka chitseko ndi pamene ndinakumbukira kuti tsiku lonseli, kuchokera ku bwalo la ndege, ndinali ndisanaone nkhope yawo.

Anavula masiki, nkuipinda bwinobwino. Nanenso ndinavula yanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwakalamba," anatero.

"Ndi ntchito."

"Ndi kukuwa." Anakhala pa bedi, nkulidinikiza ndi dzanja ngati akuyesa matiresi pamsika. "Ndiye anthu amagonadi muno."

Ndinati ndinawauza kale. Iwo anati inde, ndinawauza, ndipo tikiti yawo ya ndege yobwerera ndiwaonetse asanavule nsapato.