Abambo abwerako tsiku lomwelo

Mwaswera bwanji nonse.

Abambo awachotsa ng'ala ya m'diso ija m'mawa uno kuchipatala ku Milange. Ine ndi amayi tinanyamula mphasa, mapoto ndi ufa wa sabata yonse, poganiza kuti awagoneka. Koma pofika masana namwino, enfermera wa pamenepo, anati: "Zayenda bwino. Masiku ano opaleshoni yotere sitigoneka munthu. Muzikawadontheza mankhwala kunyumba, mudzabwere nawo Lachisanu tidzaone disolo."

Basi tinakwera minibasi kubwerera ku Majaua.

Vuto layamba titangotsika. Anthu ataona mphasa ikubwerera yosayala, thumba la ufa losamasula, angoti chipatala chawalephera, chawabweza kuti akatsirizikire pakhomo. Tisanapume n'komwe, amayi a kumpingo anali atadzaza pakhonde, akuyimba motsitsa mawu. A Tomasi oyandikana nafe afika atasenza nkhuni za pamaliro.

Ndafotokoza mpaka kukhosi kwauma. Choipa n'chakuti abambo nawonso akhulupirira. Mankhwala akukana, akuti munthu woti achira amayamba wagona kuchipatala. Pano ayamba kugawa katundu wawo.

Achimwene a Zeka, inu amakumverani. Muwaimbira foni, kapena ndibwerere nawo mawa akadzimvere okha kwa dokotala? Yankhani msanga, njinga ija akupatsani kale inuyo.