Ovolosi ya Apongozi

Apongozi anga aamuna akaweruka kuntchito sankalowa m'nyumba msanga. Ankaima pampopi wapanja, n'kutulutsa kaburashi m'thumba, n'kumatsuka chikhadabo chimodzichimodzi. Mdzukulu wawo ankangomupatsa moni ali pakhomo, amvekere, "Abwana aswera bwanji?" Koma kumunyamula ayi.

Ine ndinkaganiza kuti amanyansidwa nafe. Pakhomopo ndinabwera ndili kale ndi pakati, ndiye kufunsa ndinkachita manyazi.

Ankagwira ntchito kufakitale yopanga ufa wa siliva ndi wa dothi loyera lowotcha. Mwamuna wanga anandiuza kuti ufawo ndi wopepuka ngati utsi, kanjere kake sikaoneka ndi maso, ndipo amausakaniza m'pulasitiki yosungunula kuti mapaipi asamasweke padzuwa. Apongozi ndi amene ankatsegula ng'anjo n'kuthira ufawo m'migolo, zaka makumi awiri.

Tsiku lina anabwera ndi ovolosi yawo m'thumba lomanga mfundo ziwiri. Zipi inali itaduka, ankafuna kukagula zipi ina yofanana. M'mawa anaiiwala kuseri kwa chitseko. Ndinati mwayi wowasangalatsa ndi umenewu. Ndinaikung'untha m'chipinda, mwana ali gone pamphasa, n'kuichapa m'beseni limodzi ndi matewera. Matewera anatuluka otuwa ngati phulusa.

Apongozi atabwera n'kuona pachingwe, sanakalipe. Anagwada n'kuyamba kukolopa pansi ndi nsanza yonyowa, munthu wamkulu, amayi oyandikana nafe akusuzumira pazenera. Matewera ndi beseni anazimanga m'thumba, ati akazitaya kuntchito. Kenako anandifunsa ngati mwana watsokomola.

"Mayi a mwana, mumayesa ndimasamba chifukwa cha inu? Fumbili likalowa m'chifuwa silituluka. Ine ndili nalo lokwanira banja lonse."

Ndinangoyang'ana zala zanga zakuphazi. Sabata yonse ndinkamvetsera kapumidwe ka mwana, ndipo chakudya chawo ndinkatuma mwamuna wanga kuti akawapatse.

Mwana sanadwale. Anadwala ndi apongozi, patapita miyezi isanu. Kuchipatala anagona masabata atatu osakhudza ufa uja. Tsiku limene ndinawaona komaliza ndinaima kumiyendo kwa bedi, mwana kumbuyo, ndisanawapepese n'komwe. Iwo anatambasula manja, anati ndione bwinobwino m'zikhadabomo ngati muli kanthu. Ndinawerama, ndinayang'ana zonse khumi. Ndinati mulibe.

"Ndiye tandipatseni abwanawo."