Dengu limene anandinyamulira

"Mwamuna akakunyamulira dengu, polandira uziyamba wapisamo dzanja." Anandiuza choncho azakhali anga ndikukwatiwa, ine n'kuseka. Ndinkati ndi nsanje ya munthu amene banja linamukanika.

Zoti amuna anga anakhalapo kundende ndinkazidziwa. Anaulula okha asanandikwatire, akuti inali nkhani ya njinga ya mnzawo, chibwana chabe. Ndinawakhulupirira chifukwa chakuululako.

Zinali zaka zija zoti wopanda khadi la chipani mumsika salowa. Loweruka lina m'mawa anati, "Amake mwana, tchenani, tipite ku Boma." Munthu woti ngakhale kumaliro sankayenda nane! Ndinakwera pakaliyala ya njinga yathu kuchokera ku Kaseye, ndikupatsa moni aliyense m'njira kuti andione. Titagulitsa nyemba tinalowa m'sitolo yaikulu ija yodzitengera wekha katundu, iwo n'kuti, "Bweretsani dengulo, mwatopa." Kwathu kuno mwamuna sanyamula dengu. Azimayi anacheuka kutiyang'ana, ine mtima kuti myaa. Titayandikira khomo anandibwezera, akuti amange chingwe cha nsapato.

Mlonda anandigwira pamkono. Pansi pa nsalu imene ndinavundikira dengu panali sopo wonunkhira ndi mabatire anayi a wailesi. Ife wailesi tinalibe.

Kupolisi amuna anga anawalola kundilankhula pawindo. "Vomerani kuti ndinu," ananong'ona. "Inu zala zanu sanadindepo, angokulipiritsani chindapusa. Ine akangotsegula buku lawo lija, ndi zaka. Ana adya chiyani? Mbuzi ndigulitsa mawa lomwe."

Ndinavomera. Kukhoti woweruza anafunsa kawiri, akundiyang'anitsitsa, "Mayi, munaikamo nokha?" Ndinati inde. Anagamula chindapusa, apo ayi miyezi itatu. Mbuzi inagulitsidwadi. Koma miyezi itatuyo ndinaimaliza yonse, ndikusuzumira kuchipata tsiku ndi tsiku.

Nditatuluka, akulu a mpingo anandilanda mpango woyera wa bungwe la amayi. Pamaliro ndikalowa kophikira, anzanga ankakokera timitolo tawo pafupi. Ana anga kusukulu ankawatchula kuti ana a mayi wa mabatire. Wailesi imene ankaibera mabatire aja ndinadzaimva ikulira ku Lufita, pakhonde la mkazi wina, njinga yathu itatsamira khoma lake.

Chimandipweteka mpaka lero si ndende ayi. Ndi ulendo wa pakaliyala uja, mmene ndinkanyadira. Iwo anadzuka akudziwa kale chimene ankanditengera.

Patatha chaka anawagwira m'sitolo ina ali okha, wobwezera dengu palibe. Buku lija linatsegulidwa, anawapatsa zaka zinayi. Anatuma munthu kuti ndikawaone ndi kachakudya. Ndinamuuza kuti wasochera, njira ya ku Lufita ndi iyo. Atatuluka sanapondenso pakhomo panga. Mpango uja sindinakaupemphe, poti kuupempha kunali kukauza mpingo kuti ndinanama m'khoti, ndipo ndani akanakhulupirira wakuba?

Tsopano miyendo yatha, adzukulu ali kutali. Akabwera ndi jumbo ya shuga ndimaikhuthula iwo akuona, amaseka, amati agogo apenga. Aziseka. Inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa ku Kaseye muzipatuka, muodire, muone ngati ndadzuka. Mpando ndikupatsani, panja pomwepo. Koma mukandipeza panjira ndi katundu, musandinyamulire.