Njerwa Khumi ndi Ziwiri za a Malamba

A Malamba sankapereka chikwama kwa mwini wake asanachibereke okha. Akamaliza kusoka ankaikamo njerwa khumi ndi ziwiri zokulunga m'masaka, n'kupaka makala kunsi kwa malamba onse, n'kuvala malaya oyera amene ankawasungira ntchito yomweyo. Kenako ankakwera masitepe a kuseri kwa nyumba ya masitolo, katatu, osathamanga. Akatsika komaliza ankavula malaya aja n'kuwayala pathebulo. Pamene makala adetsa kwambiri ndi pamene lamba akuluma munthu. Ankaphwasula pamenepo n'kusokanso.

Wokonza mawotchi, amene kathebulo kake kanali pakhonde limodzi ndi thebulo lawo, anaziona zimenezi kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Sanali wolankhulalankhula, koma maso ake sankaphonya kanthu. Ankadziwa kuti maulendo atatuwo amatenga mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo sanawauzepo a Malamba kuti amawawerengera.

Zikwamazo zinali za asilikali, zotha ntchito, zogulidwa pamulu. Lona wake, nsalu yokhuthala ija, ndi wosang'ambika, koma a Malamba, amene anazisenza zaka zisanu ndi zitatu ali msilikali, ankati wozipanga ankaganiza za katundu, osati za munthu. Ankachotsa zitsulo zobaya kumsana, n'kudula timatumba ta zipolopolo, n'kusokera siponji ya matiresi m'mapewa. Lamba wa m'chiuno ankamupanga ndi malamba a mipando ya galimoto zophwasuka, kuti kulemera kutsikire m'chiuno, mapewa apume. Msana wa wogula ankauyeza ndi chingwe, kuchokera pafupa la pakhosi mpaka m'chiuno. Ogula ake anali onyamula katundu wa alendo kuphiri, oyang'anira nkhalango, ndi anthu a m'maofesi okonda kukagona kutchire pa tchuthi. Onyamula katunduwo ankawaseka akawaona pamasitepe. Wina ankafunsa kuti kodi nyumba akumanga pamwambapo idzatha liti, poti njerwa zake ndi zomwezomwezo. Iwo ankayankha kuti idzatha tsiku limene wofunsayo adzasiye mowa.

Kuyesa kumeneku sikunayambe pachabe. Kale a Malamba ankangokoka malamba ndi manja. Tsiku lina mng'ono wawo, amene ankanyamula katundu kuphiri, anabwera m'mawa akuthamanga, alendo akumudikira m'galimoto, n'kutenga chikwama chikadali ndi ulusi wolendewera. Pamalo pamene njira imadutsa m'mphepete mwa phompho, lamba wa kumanzere anathothoka, katundu anapendama, n'kumukoka. Anamupeza patapita masiku awiri. Chikwama chinabwerera kwa wochisoka, ndipo wokonza mawotchi anawaona a Malamba atachiika pamiyendo tsiku lonse, chala chili pamsoko womasukawo. Sabata yotsatira a Malamba anabwera ndi njerwa pawilibala.

Chaka chatha matenda anawagwira ali pamakina. Dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinafooka, pakamwa n'kupotoka pang'ono. Adokotala anati asadzanyamulenso kanthu kolemera kuposa ndowa ya madzi, apo ayi mtsempha wina uphulika. Atabwerera pakhonde anakana maoda onse a zikwama, chifukwa chimene sangachibereke sangachigulitse. Ankangoika mazipi ndi kusoka nsapato. Njerwa zinakhala pansi pa thebulo, akangaude n'kumangapo.

Ndiye mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amene anali namwino, anatumizidwa ku chipatala cha kumapiri, kumene mankhwala amafika m'midzi pamsana. Atabwera kudzawaona patatha mwezi, bambo ake anaona mizere iwiri yofiira pamapewa pake, ya kachikwama ka m'sitolo. Anangotenga chingwe n'kumuuza kuti atembenuke.

Anasoka masabata atatu ndi dzanja limodzi, lona atamupanikiza ndi bondo. Ulusi ankawalowetsera pasingano ndi wokonza mawotchi. Iye ankadziwa kumene nkhaniyi ikathere, ndipo kawiri konse anaganiza zobisa njerwa zija, koma sanatero.

Namwino anabwera Loweruka m'mawa, basi yake ikunyamuka masana. Anapeza malaya oyera atavalidwa kale, chikwama chitatupa pampando. Anayamba ndi nthabwala, kuti mankhwala ake salemera ngati nyumba. Ataona kuti bambo ake akupaka makala, anasiya kuseka. Anawakumbutsa mawu a adokotala. Anati msana wake ndi wamfupi, wawo ndi wautali, ndiye malayawo sanganene zoona za iye. Anati ngati n'kuyesa, ayese mwini wake.

"Ababa, mukufuna ndinyamule chikwama kapena ndinyamule inuyo?"

"Bambo ako aang'ono aja nawonso anali ndi changu," anatero a Malamba. "Wa pakhomo sayamba kubereka. Achimwene, tandikwezani."

Wokonza mawotchi anayang'ana namwino, n'kuyang'ana mnzake. Anadzuka, n'kukweza chikwama, n'kuwamangira lamba wa m'chiuno, poti dzanja lofookalo silikanatha.

Ulendo woyamba unatenga mphindi zisanu ndi zitatu. Ankaponda ndi mwendo wamanja, wamanzere n'kuukoka, nsapato ikukhula simenti. Wogulitsa zitsulo ndi mayi wosoka madiresi anatuluka m'masitolo mwawo, koma palibe anaseka. Namwino ankayenda pambuyo pawo manja ali chotambasula, ngati wophunzitsa mwana kuyenda. Ulendo wachiwiri anafika pamwamba thukuta likudontha pachibwano. Potsika, atatsala masitepe asanu ndi awiri, bondo linapinda lokha, n'kukhala pansi mwakachetechete, chikwama chitatsamira khoma.

Mtsempha sunaphulike. Anawavula chikwama, n'kuwatsitsa atawagwira uku ndi uku mpaka pampando. Mpweya utabwerera, chinthu choyamba anapempha kuti awavule malaya n'kuwayala pathebulo.

Kumanja makala anangodutsa pang'ono. Kumanzere kunali bii, kuyambira paphewa mpaka m'nthiti, ndipo mzere wa m'chiuno unali wopendama. A Malamba anayang'ana nthawi yaitali. Anayeza malamba awiriwo ndi chingwe, n'kupeza kuti ndi ofanana. Anayezanso. Wokonza mawotchi anali ataona kale pamasitepe kuti chopendama si chikwama, koma anatseka pakamwa.

"Sindikutha kuwerenga," anatero a Malamba. "Kaya ndi chikwama, kaya ndine. Usachitenge, mwanangu."

Namwino anavula juzi, n'kutsala ndi bulauzi yoyera ya kuntchito. Anatola khala lija pathebulo, n'kupakanso malamba monga ankaonera ali mwana, n'kugwada kuti wokonza mawotchi amukweze. Bambo ake anatambasula dzanja lamanja kuti agwire lamba, koma mpando unali patali.

Sanamuyang'ane akukwera. Anatembenukira kukhoma, maso atatsinzina, milomo ikugwedera. Wokonza mawotchi, amene anali pafupi, anamva kuti akuwerenga mapazi ake sitepe ndi sitepe. Namwino anakwera katatu, osathamanga, njerwa zonse khumi ndi ziwiri zili kumsana. Atatsika komaliza anaima kutsogolo kwa bambo ake, n'kuvula chikwama, n'kutembenuka kuti aone msana wa bulauzi. Mizere iwiri inali yofanana, yopyapyala, ya m'chiuno itagona bwino.

A Malamba anaitsatira ndi chala, kuchokera paphewa mpaka pansi, mbali iyi ndi iyo. Kenako anamuuza kuti achotse njerwa, basi ingamusiye.

Namwino atapita, a Malamba anapinda malaya awo oyera aja, mbali yakuda ili mkati, n'kuwaika m'dirowa ya mazipi. Anapempha wokonza mawotchi kuti akafunse wogulitsa zitsulo ngati akufuna njerwa zochirikizira chitseko. Iye anayang'ana wotchi yake. Namwino anali atatenga mphindi zisanu ndi imodzi ndendende, ndipo zimenezinso sanawauze.