Waya wa M'nkhalango

Chaka chimenecho mvula yoyamba itangogwa, amuna anga anayamba kusowa Loweruka lililonse. Ankanyamuka m'mawa pa mota, njinga yathu yamoto, ati kukaona mbatata kumunda, koma pobwerera kwathu ku Chiuaula nsapato zinalibe dothi la m'mizere. Maondo a thalauza ankakhala achikasu ndi mungu wa maluwa. Ndinkachapa mtima ukundiuza kuti pali mkazi.

Mayi wina wogulitsa makala anandinong'oneza kuti mota yathu amaiona itabisidwa pafupi ndi nkhalango yotetezedwa ya kunja kwa Lichinga, kumene saloleza kusaka. Loweruka lotsatira ndinakwera chapa, minibasi yolowera kumeneko.

Mota ndinaipezadi. Ndinalowa m'nkhalangomo. Udzu unali utangophuka palupsa, maluwa ofiira obulungira ngati mpira ali mbwee pansi pa misuku, chinaka chitachita maluwa m'dambo. Ine kukongolako sindinkakuona. Duwa lililonse lopondedwa ndinkaliweramira kuti ndidziwe ngati mapazi anali a munthu mmodzi kapena awiri. Nkhanga zitabalalika patsogolo panga, ndinayesa ndi mkaziyo akuthawa.

Amuna anga ndinawapeza atagwada, atapanikiza gwape ndi bondo, akumasula waya kumwendo kwake. Atamusiya, gwapeyo anathawa motsimphina. Pambali panali thumba lodzaza mawaya.

"Mwanditsata?" anafunsa osadzuka.

"Ali kuti mnzanuyo?"

Anandipatsa waya umodzi. "Taonani mapotedwe ake."

Ndinawazindikira. Achimwene anga ndiwo amapota waya chotero, kawiri kenako n'kubweza nsonga. Khola lathu la nkhuku anamanga ndi iwo.

"Alonda akawagwira, ndi ndende," anatero amuna anga. "Ndimachotsa misamphayi asanaione. Ndikanayamba bwanji kukuuzani za mlongo wanu?"

Tinabwerera limodzi pa mota, thumba lili pakati pathu likundibaya m'mimba. Ngakhale pamenepo ndinkadzifunsabe ngati panalibe china chimene akundibisira.

Mawa lake achimwene anabwera kudzacheza monga mwa masiku onse. Ndinawapatsa chimanga chokazinga, maso anga ali pa zala zawo zodzaza timabala.

"Achimwene, nyama munatibweretsera mwezi watha ija inalidi ya mbuzi?"

Anasiya kutafuna. Anayang'ana alamu awo, omwe ankapukuta mota panja.

"Wakuuza ndani?"

Anatsazika chimanga chisanathe, ndipo panapita miyezi iwiri asanapondenso pakhomo pathu.