Kaseti Imene Inapita ku Chelstone

Mwamuna wanga ankaimba gitala m'bandi ya roko, ya anyamata a tsitsi lalikulu ndi mabuluku otambalala kumapazi, aja ankagwedeza Lusaka m'zaka za m'ma sevente. Abale ake a ku Katete, anthu opemphera kwambiri, ankati limenelo ndi phokoso la Satana. Ine ndinakwatiwa nalo phokosolo ndipo sindinadandaulepo.

Pa malekodi a bandiyo mawu ake mulibe. Iye ankaima kumbuyo ndi gitala basi. Koma nthawi ija boma linaletsa kuyenda usiku poopa ndege za adani ochokera kummwera, mabandi anayamba kuimba masana, ndipo Loweruka lina, m'holo ina ya m'tauni, woimba wawo anasasa mawu. Mwamuna wanga, amene panthawiyo anali akundifunsira kumene, anaimba yekha nyimbo zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Bambo woyang'anira zokuzira mawu analumikiza wailesi ya kaseti ku makina ake n'kujambula zonse, ndi mikuwo ya anthu yomwe. Kaseti imeneyo, yofiira, inali imodzi yokha padziko lonse. Mwamuna wangayo ataitenga anathyola timano take tiwiri takumsana kuti munthu asadzajambulepo china.

Bandi inatha, tinakwatirana, tinapeza nyumba ku Kabwata. Kenaka anadwala nthawi yaitali. Mwana wathu wamkazi atayamba kuzindikira zinthu, atate ake anali akungonong'ona pamphasa, mawu atapita kale. Atate akewo anamwalira mwanayo ali ndi zaka zitatu. Ndinadziuza kuti akadzakula ndidzamuikira kaseti ija kuti amve kuti anabadwa kwa munthu wotani.

Titaika maliro, m'mawa mwake abale ake anatulutsa katundu yense n'kumuyala pakhonde. Kwathu katundu wa mwamuna amapita kwa abale ake, ndipo namfedwa salankhula. Amakhala pansi pakona, chitenje chili kumutu, amayi achikulire atamupanikiza uku ndi uku. Ine pakamwa panga sipachedwa, aliyense ku Kabwata ankadziwa, koma tsiku limenelo ndinali ngati nkhuku yomangidwa miyendo.

Amalume ake ndiwo ankagawa. Gitala inapita kwa mphwake wina amene sankadziwa n'komwe kuti amaigwira chotani. Masuti, nsapato, mipando, zonsezo ndinaziona zikupita ndipo mtima sunagunde. Kenaka anakweza wailesi ya kaseti ndi katoni ya makaseti, napereka kwa mkulu wake wa malemu, kalaliki wa m'boma wokhala ku Chelstone, amenenso anali mtsogoleri wa kwaya kutchalitchi kwawo.

Masiku amenewo makaseti atsopano ankasowa ngati mmene ankasowera sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Mwana aliyense mu Lusaka ankadziwa kuti ukatsekera kapepala m'timaenje ta timano tothyoka tija, kaseti yakale imalola kujambulidwanso. Ndikusuzumira pansi pa chitenje, ndinaona alamu anga atanyamula yofiira ija, akusisita timaenjeto ndi chala chachikulu.

"Aya yazatithandiza maningi ku kwaya," anatero. "Mu tauni yasowa."

Ndinanong'oneza azakhali ake a malemu amene anakhala kudzanja langa lamanja kuti, "Amayi, yofiirayo yokha."

Ananditsina pantchafu. "Khala chete, mwanawe. Ukalirira katundu adzati unamudya ndiwe."

Ndinakhaladi chete, kaseti n'kupita.

Namfedwa sayendayenda asanamusudzule, ndipo abalewo anati mwambowo udikire mpaka apongozi atabweranso kuchokera ku Katete akatha kukolola. Lamya tinalibe. Ndinatuma mng'ono wanga ku Chelstone, anabwera ndi yankho lakuti, "Bauzeni ba mulamu tizaona." Mawu amenewo ndinkawadziwa bwino, ndi aja amakuuza m'maofesi pamene palibe chimene adzaone.

Kwaya inkaphunzira nyimbo Loweruka masana. Loweruka lililonse dzuwa likapendeka ndinkalephera kukhala pansi. Ndinkasesa nyumba yosesa kale, ndinkakalipira mwana popanda chifukwa. M'maganizo ndinkaona chala chija chikudina batani lofiira la wailesi. Ndinkawerengera kuti makaseti m'katoni muja analimo ambiri, mwina ayambira ena. Kenaka ndinkakumbukira kuti yofiirayo ndiyo inali yaitali ndi yolimba kuposa onse, ndipo munthu wa kwaya sangalephere kuona zimenezo. Ndinaonda, anthu nkumati ndi chisoni cha maliro. Chisoni chinalipo ndithu, koma chimene chinkandidya kwenikweni chinali nkhawa.

Atandisudzula, sindinadikire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinabereka mwana, ndinakwera minibasi ya m'tauni, ndinaima pamzera wautali pamene anyamata a chipani ankakankha anthu ngati ng'ombe zopita kudibi, kenaka ndinakwera ina ya ku Chelstone. Njira yonse ya Great East ndinkapemphera pemphero limene sindikanalinena m'tchalitchi: Ambuye, kwaya yanu ikhale kuti inachita ulesi.

Ndinawapeza onse pakhomo pa alamu anga. Akazi awo anandilandira bwino, anatereka tiyi, tinafunsana za moyo, za ana, za kumudzi, za mvula, monga mmene ziyenera kukhalira. Ine maso anali pamwamba pa kabati. Makaseti onse anali atandandalikidwa pamenepo, ndipo kumsana kwa iliyonse kunkaoneka timapepala toyera.

"Ba mulamu," ndinatero, "nabwelela kaseti imodzi chabe. Ija yofiila. Muli mau ya mufana wanu."

Anayang'ana akazi awo, kenaka pansi. "Mau yake? Nenze kuganiza ni vongo, phokoso ya ma bendi chabe. Nanga simunakambe bwanji pa tsiku ija?"

"Nikambe bwanji? Si imwe munanifundika chitenje kumutu?"

Anaimirira, anaitsitsa. Anati anaigwiritsa ntchito posachedwapa, pokonzekera msonkhano wa makwaya.

"Mbali zonse ziwili?"

"Zonse, mulamu."

Ndinawapempha kuti aiike ndimve ndekha. Anadina. Munatuluka mawu a amayi oimba nyimbo yachitamando, yokoma ndithu, ndipo sindinadanepo ndi nyimbo ya Mulungu ngati mmene ndinadanirana nayo imeneyo. Anathamangitsa tepi, anaimitsa, kwaya. Anathamangitsanso, kwaya. Anatembenuza mbali inayo, kwaya yomweyo, alamu anga akumveka akukonza a besi. Madzi akatayika saoleka, ndinkadziwa, koma ndinawauza kuti apitirize. Ndinkadziwa chimene chinali kumapeto kwenikweni, ngakhale sindinawauze.

Wailesi inayamba kulira mokoka ngati ikufuna kutafuna tepi. Ndinagwira mpando. Iwo anaitulutsa, anaikulunga pang'ono ndi pensulo, anaibwezera. Pawindo la kaseti panatsala kachingwe kochepa zedi.

Kwaya inatseka ndi ameni wautali. Panamveka phokoso la batani. Kenaka chipinda chonse chinadzaza ndi mikuwo, malikhweru, ng'oma ikumaliza, ndi gitala ikulira mawu ake otsiriza mpaka kuzilala. Ndiye munthu anaseka, ali wefuwefu, kuseka kwa munthu wamphamvu zake.

"Zikomo, zikomo mwe bantu! Manje yendani ku nyumba kukali kowala, bangakugwileni bapolisi. Na iwe wa dilesi ya yelo kutsogolo uko, osathawa. Unilindile panja."

Anthu anakuwa, tepi n'kutha.

Alamu anga anavula magalasi, anatuluka panja. Mwana wanga anatsika pamiyendo panga, anakasuzumira kuseri kwa wailesi, anabwerera.

"Amama, ni ndani uja aseka?"

"Ni atate ako."

"Nanga bali kuti? Bakambe futi."

Ndinaopa kuibweza m'wailesi imene ija. Ndinaitulutsa, ndinaimanga m'mpango, ndinaiika pachifuwa mpaka ku Kabwata.

Mwanayo ndi mayi wa ana ake tsopano. Nthawi zina amandifunsa kuti atate ake ankaimba motani, ndipo ndimayesa kumuimbira ndi mawu angawa, koma sizifanana. Nyimbo zawo sanazimvepo ndi imodzi yomwe. Chimene amadziwa n'chakuti ankaseka mokweza, ndiponso kuti anandiuza kuti ndiwadikire panja.